Mutu 6: Nsanja Imene Onofrio Sanaione

1. Kansalu kopyapyala

Sabata ya chikondwerero cha Onofrio, tawuni yathu ya Castelrenzo inachita ngati yapenga. Nkhope ya Onofrio Belardi, mmisiri wojambula amene anamwalira zaka zoposa mazana asanu zapitazo, inali paliponse: pa mbendera, pa mabotolo a vinyo, ngakhale pa mabisiketi. Palibe amene ankadziwa maonekedwe a mkuluyo. Anangomupatsa ndevu, poti anthu akale amayenera kukhala ndi ndevu.

Gwero la phokoso lonseli linali chithunzi chachikulu cha Amayi Maria atanyamula Mwana, chojambulidwa pa thabwa, chimene malo ake ndi kuseri kwa guwa la m'tchalitchi. Kwa miyezi isanu ndi itatu chinali m'chipinda cha mayi Ersilia Morbidoni, amene ntchito yawo inali kutsuka ndi kukonza zithunzi zakale. Loweruka chinayenera kubwerera pamalo pake tawuni yonse ikuona.

Delia anali mwana wa mlongo wawo wa mayi Ersilia. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo anayamba kugwira thonje ndi kaburashi m'chipindamo asanamalize n'komwe pulayimale. Mtima wake unali pa chinthu chimodzi: malo pa sukulu ya okonza zithunzi ya kumzinda, imene imatenga ophunzira khumi okha pachaka. Mafunso olowera anali Lachisanu la sabata yotsatira.

Wopita ku mafunsowo ankayenera kunyamula kalata yomuchitira umboni yochokera kwa katswiri wodziwika. Katswiri wotero amene ankaponda ku Castelrenzo anali mmodzi yekha, Pulofesa Tancredi Bellagamba. Iwo analonjeza kuti adzamupatsa Delia kalatayo Loweruka, iye akadzatha kuwerenga mawu otsegulira chikondwerero m'malo mwa ana asukulu onse.

Lachitatu m'mawa Delia ankachotsa vanishi wakale pa ngodya yomaliza, kuseri kwa phewa la Amayi Maria. Pamenepo pali kansanja ka belu, kofanana ndendende ndi nsanja imene ili pabwalo lathu. Litsiro litasungunuka, anatenga galasi lokuza zinthu. Anayang'ana, n'kuyang'ananso.

"Azakhali, tabwerani mudzaone."

"Wakanda?"

"Sindinakande ayi. Kansalu ka kumutu kwa Amayi Maria kadutsa pamwamba pa nsanja."

Mayi Ersilia anavala magalasi achiwiri pamwamba pa oyamba, monga mwa chizolowezi chawo. Anayang'ana nthawi yaitali. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mayiyu anali wodekha mpaka kukwiyitsa.

"Tandiuza, zikutanthauzanji?" anafunsa.

"Nsanja inajambulidwa kaye, kansalu pambuyo. Utoto wa pansi ndiwo umayamba."

"Pitiriza."

"Pa mwala wa patsinde pa nsanja yeniyeni ija analembapo chaka chimene anaimanga, 1521. Pa manda a Onofrio m'tchalitchi analembapo 1503." Delia anaika galasi pansi. "Azakhali, munthu angajambule bwanji nsanja imene inamangidwa iye atagona m'manda zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu?"

Apa tiyenera kuvomereza manyazi athu. Mwala wa 1521 uja tonse timaudziwa. Azigogo amakhalapo akamasewera makhadi, ana amadumphapo, agalu amachitapo zawo. Nsanja ya m'chithunziyo taiona kuyambira tsiku la ubatizo wathu, ndipo chifukwa choizolowera sitinafunsepo kanthu.

Ochepa amene anafunsa anayankhidwa ndi buku la a Pulofesa, lolembedwa zaka makumi anayi zapitazo. Bukulo linati Onofrio anajambula chithunzichi ndi dzanja lake mu 1496, ndipo nsanjayo anaiwonjezera pambuyo pake munthu wina wosadziwa ntchito. Koma chowonjezera chimakhala pamwamba. Sichingalowe pansi pa kansalu.

2. Mmene a Belardi ankagwirira ntchito

"Ndiye kuti chithunzichi n'chabodza?" Delia anafunsa.

"Khala pansi," anatero mayi Ersilia. "Chithunzichi si chabodza. Bodza ndi zimene anthu akuchinenera. Nthawi imeneyo kujambula inali ntchito ya banja, monga kuphika buledi kwa abambo ako. Bambo ankajambula nkhope papepala lalikulu, n'kuboola mizere yonse ndi singano. Ana ankaika pepalalo pa thabwa, n'kumalisisita ndi kathumba ka makala opera. Akachotsa pepala, nkhope ija yatsala pa thabwa m'timadontho takuda. Mapepala amenewo anali chuma cha banja. Bambo akamwalira, ana ankapitiriza kuwagwiritsa ntchito zaka makumi atatu kapena anayi, ndipo pansi pa chithunzi ankalemba dzina lomwelo, Belardi. Choncho nkhopeyi ndi ya papepala la Onofrio, koma dzanja ndi la wina. Tayang'ana timizere ta mthunzi pa tsaya la Mwanayu. Tapendekera kuti?"

Delia anatenga pensulo n'kuyesa kulemba timizere totero ndi dzanja lamanja. Tinkapendekera kwina. Atasinthira pensuloyo kumanzere, tinafanana.

"Wamanzere," anatero.

"Ndinazindikira mu Malichi. Zithunzi ziwiri zimene tili ndi umboni kuti ndi za Onofrio, zonse ndi za dzanja lamanja. Koma timizere tokha munthu akhoza kutsutsa. Nsanja yakoyi ndiye sangaitsutse."

Mwana aliyense wa ku Castelrenzo amaphunzira kuti Onofrio anasiya ana atatu: Cecco, Biagio ndi mlongo wawo Piera. Delia anadzambatuka pampando.

"Ndi Piera. Anamubera dzina chifukwa anali mkazi."

"Wadziwa bwanji?"

"Ndikungomva mumtima."

"Mtima wakowo uyambe wauika m'thumba," anatero azakhali ake. "Ntchito yathu ili ndi mawu atatu okha: ndaona, ndikuganiza, sindikudziwa. Wosakaniza mawu atatuwa ndi wakuba, ngakhale atavala tayi. A Pulofesa anali mnyamata pamene anaona chithunzichi chili bii ndi utsi wa makandulo. Anachikonda, mtima unawauza kuti ndi Onofrio, iwo n'kulemba kuti ndaona pamene panayenera kulembedwa kuti ndikuganiza. Lero akalamba nalo bodzalo, ndipo sangalitule chifukwa ndilo linawakweza. Iwenso ukanena kuti ndi Piera chifukwa chofuna kuti akhale Piera, wauyamba ulendo womwewo. Mwina ndi iye, mwina ndi Cecco, mwina ndi Biagio. Anthu atatuwa sangadzuke kudzadziteteza. Akufa alibe pakamwa. N'chifukwa chake kuwanamizira n'kosavuta, n'chifukwa chakenso n'koipa kuposa kunamizira wamoyo. Taona kuti si Onofrio. Taona kuti ndi chaka cha 1521 kapena pambuyo pake. Taona kuti ndi wamanzere. Dzina lake sitikulidziwa. Pamene maso athera, pakamwa pathere pomwepo."

Delia sanakondwe nazo, koma anangoti, "Ndamva, azakhali."

3. Alendo a masana

Atatha kudya chamasana, a Pulofesa Bellagamba anafika pamodzi ndi a Meya a tawuni, a Osvaldo. A Pulofesa ankavala sikafu yoyera ngakhale kukutentha, ndipo ankayenda ndi ndodo imene ntchito yake inali kulozera zinthu basi.

Mayi Ersilia anawapatsa galasi, n'kuwaonetsa ngodya ija. A Pulofesa anawerama kamphindi kosakwanira ngakhale kuona ntchentche pakhoma, n'kuweramuka. Khosi lawo linali litafiira. Anaona, ndipo aliyense m'chipindamo anadziwa kuti aona.

"Vanishi wakunamizani," anatero.

"Vanishi tachotsa, a Pulofesa."

"Ndiye mwachotsa mopyola muyeso. Mayi Morbidoni, inu ndinu wotsuka. Mumatsuka bwino, sindikana. Koma wochapa malaya sauza mwini malaya dzina la telala."

A Meya anaseka kaseko ka munthu wosadziwa ngati nkhani ndi yoseketsa. Iwo ndi mayi Ersilia anaphunzira kalasi imodzi, choncho ankalankhulana mosaopana.

"Ersilia, tamvera. Mbendera tapachika kale. Abishopu akubwera, a wailesi yakanema akubwera. Ukufuna ndiwauze chiyani? Kuti phwando takonzera munthu wolakwika?"

"Uwauze zoona, Osvaldo. Chithunzichi dzulo chinali chokongola, lero sichinasinthe."

"Ndani angakwere basi kudzaona chithunzi cha sitikudziwa?"

"Iwe masamu unkalephera, koma kuchotsera 1503 pa 1521 ungathe."

A Pulofesa anatulutsa chikalata chonena za ntchito yonse, chimene wokonza chithunzi amayenera kusaina. Pamwamba pake panali dzina la Onofrio ndi chaka cha 1496. Mayi Ersilia anachiwerenga mpaka pansi, n'kuchibweza.

"Pepani, dzanja langa masiku ano likumakana zinthu zina."

"Palibe vuto, ndisaina ndekha. Ndipo poti simukufuna kuti dzina lanu likhale pafupi ndi la Onofrio, tilichotsanso pa chikwangwani cha m'tchalitchi." A Pulofesa atatero anatembenuka. "Waona zimenezi ndani?"

"Ndine," anayankha Delia.

"Maso ako ndi akuthwa, mtsikana iwe. Ndalemba zimenezo m'kalata yako." Anagunda thumba la jekete, m'mene munkaonekera nsonga ya envulopu. "Koma sukulu ija imafunanso ana odziwa malo awo. Nali pepala la Loweruka. Ukawerenge monga mmene ndalembera, osachotsa, osawonjezera."

Alendo atatuluka, Delia anawerenga pepalalo ali chiimire. Pakati pake panali mawu akuti: "Taonani ntchito ya dzanja la Onofrio Belardi, imene anaimaliza yekha m'chaka cha 1496, ndipo yabwezeretsedwa mwa nzeru za Pulofesa Bellagamba."

Mwa nzeru za Pulofesa Bellagamba. Munthu amene m'miyezi isanu ndi itatu anabwera katatu, ndipo ulendo umodzi anangodzafunsa kumene kukupezeka nyama yankhumba yabwino. Mayi amene msana unapindika ndi kuwerama, amene zala zinasuwuka ndi mankhwala, sanatchulidwe ngakhale pa mzere womaliza. Zoterezi zimanyansa, ndipo Delia zinamunyansa koopsa.

"Azakhali, mwawalekerera akunyozeni m'chipinda chanu chomwe?"

"Ndakana kusaina. Mbali yanga ndachita."

"Nanga ine nditani?"

"Pepala lili m'manja mwakolo ndi lako. Ndikakuuza kuti uwerenge, ndakuphunzitsa bodza. Ndikakuuza kuti ukane, ndakulanda sukulu. Zonse ziwiri sindingathe." Anatenga thonje n'kubwerera pa ntchito, koma Delia anaona kuti thonjelo silinkakhudza thabwa.

4. Chenjezo la a Remo

Ku Castelrenzo nkhani siigona panjira. Pofika Lachisanu masana, a Remo, bambo ake a Delia, anali ataimva kumalo omwera khofi, ndi zokometsera zake zomwe. Delia anawapeza kuseri kwa shopu yawo ya buledi akudinda nkhope ya ndevu ija pa mabisiketi.

"Tseka chitseko," anatero. Anapukuta manja pa epuloni, n'kumulozera thumba la ufa kuti akhalepo.

"Tamvera, mwana wanga. Zaka makumi atatu ndakhala ndikupsa manja pa uvuni uyu kuti iwe usadzapse ngati ine. Azakhali ako ndi mlongo wanga, ndimawakonda, koma taona pamene liuma lawafikitsa. Anali ndi luso loti akanagwira ntchito m'mizinda ikuluikulu. Anatsutsana ndi bwana wina ali mtsikana, lero akutsuka angelo a m'midzi. Chalaka bakha nkhuku singatole. Munthuyo anamwalira kalekale, mafupa ake anasanduka fumbi. Kaya anajambula ndi bambo, kaya ndi mwana, onse ndi a Belardi. Iwe zikukukhudza pati? Buledi uyu anthu akagula amati ndi wa Morbidoni. Unamvapo wina akufunsa kuti wakanda ufa ndani? Werenga pepalalo, tenga kalata, pita kusukulu. Ukadzakhala pulofesa iweyo udzanene zimene ukufuna, palibe adzakugwire pakamwa. Ndipo ukumbukire kuti nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Ukachititsa tawuni manyazi, iwe udzachoka, koma ine ndidzatsala pano ndi buledi wanga. Anthu athuwa umawadziwa. Akhoza kukhululukira mbava, koma sakhululukira munthu amene wawaonetsa kuti anali opusa."

A Remo sanali munthu woipa. Anali ndi mantha, ndipo mantha a kholo amavala malaya a nzeru.

"Bambo," anatero Delia, "wina atabwera n'kunena kuti buledi wa lero aphika ndi agogo amene ali kumanda, inu mungavomere?"

"Akagula, ndingavomere."

"Si zoona, bambo. Chaka chatha simunawalankhule a Nazzareno mwezi wathunthu chifukwa anati buledi wa agogo unkakoma kuposa wanu."

A Nazzareno ndi mkulu amene amaimba belu la tchalitchi, ndipo pakamwa pawo sipakhala chotsekera. A Remo anatsokomola, n'kuyang'ana mu uvuni m'mene munalibe kanthu.

"Nyamula thireyi iyo," anatero. "Ine sindinakubereke kuti uzindiphunzitsa."

5. Loweruka

Misa inayamba nthawi ya teni koloko. Tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima pamakwerero akunja. Chithunzi chinali pamalo pake, chophimbidwa ndi nsalu yofiira. Pambali pake panali chikwangwani chamkuwa, chowala, chokhala ndi mayina awiri: Onofrio Belardi ndi Tancredi Bellagamba. Akuluakulu anakhala kutsogolo. Mayi Ersilia anaima kumbuyo pafupi ndi chitseko, pamalo pamene amaima ochedwa.

Misa itatha, a Meya anakoka chingwe, nsalu inagwa, ndipo anthu anapumira m'mwamba. Chofunda cha Amayi Maria, chimene tonse tinkachidziwa chili chakuda, chinali chobiriwira ngati thambo. Amayi ena analira.

Kenaka anaitana Delia. Anakwera pa gome lowerengera atavala diresi loyera limene amayi ake anasita kawiri. A Pulofesa anamumwetulira, n'kuika dzanja pa thumba la jekete.

Anayamba bwino. Analonjera Abishopu, a Meya, alendo ndi anthu onse. Anawerenga za kukongola kwa tawuni ndi za chikhulupiriro cha makolo. Atafika pa mzere wa pakati uja anaima. Anthu anaganiza kuti wasokonezeka, ndipo mphunzitsi wake anayamba kumunong'oneza mawu otsatira. Delia anapinda pepala.

"Mawu otsatirawa sindiwerenga," anatero, "chifukwa si oona."

Kenaka anakweza mawu.

"Ndinena zimene ndaona. Kuseri kwa phewa la Amayi Maria kuli nsanja yathu. Kansalu kawo kadutsa pamwamba pa nsanjayo, ndiye kuti nsanja inajambulidwa poyamba, sinawonjezedwe ayi. Nsanja inamangidwa mu 1521, zalembedwa pa mwala panjapo. Onofrio anamwalira mu 1503, zalembedwa pa manda amene ena mwapondapo panopa."

Anthu a pa mzere wachitatu anayang'ana pansi, n'kusuntha mapazi.

"Choncho chithunzichi sanajambule ndi Onofrio. Chinachokera m'nyumba mwake, pa mapepala ake, koma iye anali atamwalira. Amene anajambula anali wamanzere. Ndikuganiza kuti ndi mmodzi wa ana ake."

Dzina la Piera linafika pa lilime. Linali pomwepo, ndipo akanalitchula, amayi theka la tchalitchi akanakhala mbali yake. Delia sanalitchule.

"Dzina lake sitikulidziwa. Koma munthu ameneyo anagwira ntchito yokongola chonchi, ndipo kwa zaka mazana asanu takhala tikuthokoza wina. Lero tafuna kuchitanso zomwezo kwa munthu wamoyo. Amene anatsuka chithunzichi miyezi isanu ndi itatu ndi mayi Ersilia Morbidoni. Ali kumbuyoko, pafupi ndi chitseko."

Mitu yonse inatembenuka. Mayi Ersilia anaima chilili, magalasi ali m'manja.

Woyamba kulankhula anali a Nazzareno, ndi mawu a munthu amene belu linamugonthetsa makutu. "Za 1521 n'zoona. Ndakhala pa mwala umenewo zaka makumi asanu, manambalawo anadindika pa thalauza langa."

Ena anaseka, koma ambiri sanaseke. "Mwana wopanda mwambo," anatero mayi wina mokweza. "Pamaso pa Abishopu?" Wina anati ndi zochita za azakhali ake. Wina anati banja la Morbidoni lakhala lodzimva kuyambira kale. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ananyamuka kukayang'ana kansaluko, ngakhale kanali pamphuno pawo. Ndi mmene tilili ife: wotiuza kuti denga likudontha timamukwiyira kuposa mvula.

A Meya anakodola woimba limba, ndipo nyimbo inayamba mwaphuma, pakati pa ndime. Delia anatsika. Anadutsa pafupi ndi bambo ake, koma iwo ankayang'ana nsapato zawo.

6. Kalata

Panja dzuwa linali litakwera. Matebulo a vinyo ndi zipatso za azitona zokazinga anali okonzeka, koma anthu anaima m'timagulu, akulankhula motsitsa. Delia akamadutsa, timaguluto tinkatseguka ngati akudutsa wodwala nthenda yopatsirana.

"Mtsikana iwe, tabwera."

Anali a Pulofesa, ataima pamthunzi wa nsanja. Sanakalipe. Anatulutsa envulopu, n'kuitsegula, n'kumupatsa kalatayo.

"Werenga. Ndi bwino udziwe chimene wataya."

Delia anawerenga. Kalatayo inati m'zaka makumi atatu za uphunzitsi wawo sanaonepo wophunzira wa maso ngati a Delia Morbidoni, ndipo sukulu imene ingamukane idzadziimba mlandu. Pansi panali dzina lawo ndi chidindo.

"Zonsezi n'zoona," anatero a Pulofesa. "Ndinalemba ndi mtima wonse."

Anailandiranso, n'kuing'amba pakati, n'kuphatikiza, n'kung'ambanso. Zidutswa zinayizo anamufumbatitsa m'manja mwaulemu, ngati akumupatsa mphatso. Munthu wamkulu, wa imvi zake, kubwezera mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri chifukwa choona chimene iye anakana kuona. Maphunziro amachotsa umbuli, koma nkhanza sachotsa.

Mayi Ersilia anafika akupuma mofulumira. "Ndimulembera ndine kalata ina."

"Lembani, mayi. Kalata ya wotsuka nayonso ndi pepala." A Pulofesa anakonza sikafu yawo. "Koma mwina simunamve. Chaka chino wapampando wa ofunsa mafunso a Lachisanu ndine."

Anaweramitsa mutu pang'ono, n'kulunjika ku tebulo la vinyo.

Apa Delia analira. Sanalire m'tchalitchi, sanalire pamene ankamunyoza, koma apa misozi inamugonjetsa, chifukwa sukuluyo ankaifuna ndi mtima wake wonse, ndipo anaona chitseko chikutsekeka.

A Remo anabwera pang'onopang'ono. Aliyense ankayembekezera kuti anena kuti ndinakuuza. Iwo anangotenga zidutswa zija m'manja mwa mwana wawo, n'kuzilumikiza pa chikhatho chawo chachikulu, n'kuwerenga milomo ikugwedezeka. Anawerenga kawiri. Kenaka anazipinda bwinobwino, n'kuziika m'thumba la malaya, la pachifuwa.

"Palibe amene angakunene ukapanda kupita," anatero mayi Ersilia. "Chaka chamawa chilipo."

"Chaka chamawa a Pulofesawo adzakhala atamwalira?"

"Delia," anadzudzula a Remo.

"Pepani, bambo." Anapukuta maso ndi mkono wa diresi loyera lija. "Azakhali, ngodya ija munaijambula ndi kamera tisanabweze chithunzi?"

"Ndimajambula ngodya iliyonse. Bwanji?"

"Ofunsa mafunso amakhala angati?"

"Asanu."

"Ndiye mundisindikizire zithunzi zisanu."

Mayi Ersilia anayang'ana mlongo wawo, ndipo a Remo anayang'ana kumwamba ngati munthu wopempha thandizo.

"Ukudziwa kuti akhoza kukutulutsa usanakhale n'komwe pansi?" anafunsa azakhali.

"Ndikudziwa," anayankha Delia. "Koma anayi enawo ali ndi maso."